Kapu Yofiira ya Malemu Abambo

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Linthipe tilipo, koma amayi akutsokomola ndi chisanu.

Kapu yofiira ya aluminiyamu ija, imene abambo ankamwera tiyi pakhonde, yasuluka. Alamu anu anaikwecha ndi phulusa kuti iwale. Ndinawafotokozera zimene munandiuza za kufakitale kwanu, kuti utoto umalowa m'timabowo ta aluminiyamu, n'kutsekeredwa ndi madzi owira, ndipo phulusa limadya chotsekacho.

Amayi anaitembenuza m'manja, nati, "Kufiira kwatsala pokhapo pamene ankagwira bambo anu."

Chonde tiuzeni ngati kuiwiritsanso kungasunge mtundu wotsalawo, tisanauwononge. Yatsopano musagule, amayi akaniratu.

Ambuye akusungeni kumeneko.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane