Shandeliya ya ku Kamwala

Lamlungu, 8 Sepitembala

Firiji ya amayi ku komboni ya George. Inkagwira. Ukaitsegula wopanda nsapato, dzanzi mpaka m'chigongono. Tsiku limene inandigwira koyamba ndinali giredi folo, ndinagwetsa botolo la munkoyo, ndinalira. Amayi sanaitane wa magetsi. Anagula mapatapata ofiira, aakulu okwana aliyense, nawaika patsogolo pa firiji. Lamulo la nyumba: ufuna madzi ozizira, vala. Alendo tinkawauza pakhomo pomwe, pamodzi ndi moni. Ba Feli, akulu anga, ankavala limodzi lokha, kuima ndi mwendo umodzi ngati kakowa, uku akundiseka.

Ndakumbuka zimenezi chifukwa cha ba Feli omwewo. Loweruka likubwerali akutsegula saluni yao ku Kalingalinga. Kasitomala woyamba alipo kale, mkwatibwi ndi anzake onse.

Vuto ndi ba Kabwe, eni shopu. Chaka chatha wometa amene ankachita lendi mmenemo analumikiza mawaya mwa nzeru zake, denga linapsa. Kuyambira pamenepo, ukasintha chilichonse cha magetsi ubweretse pepala losainidwa ndi munthu wa mapepala. Popanda pepala, kasitomala salowa.

Ba Feli asintha nyale imodzi. Chotengera babu cha pulasitiki chachoka, palowa shandeliya, nyale yolendewera ya timagalasi, ya ku msika wa Kamwala.

"Uzabwela chabe usaine, Ene. Ni laiti imozi."

Ndavomera. Ndimavomera nthawi zonse. Zaka zonse zija pa yunivesite kuphunzira za magetsi, chilolezo chosainira ndili nacho kuyambira Juni, koma dzina langa silinakhalepo pansi pa satifiketi iliyonse. Ku ofesi ndimajambula mawaya pa kompyuta. A pa kompyuta sagwira munthu.

Lolemba, 9 Sepitembala

Ndabwereka mita yoyezera magetsi ku ofesi. Abwana, ba Chewe: "Tenga, koma ibwele na mabatili yake."

Madzulo wapansi kuchokera kuno ku Mtendere. Fumbi. Jakaranda wayamba maluwa. M'mbali mwa msewu majenereta a owotcherera, lililonse ndi nyimbo yake.

Saluni ndi yokongoladi. Makoma a pinki, penti ikununkhabe. Shandeliya pakati, timagalasi tolendewera, chitsulo chopaka golide wabodza. Ili m'munsi moti ba Feli akakweza mkono amaigunda ndi chipeso. Amaitcha Madamu.

Zitsulo zonse mmenemo ndi ntchito ya ba Rex, amuna awo, owotcherera. Mtanda wa kudenga, felemu ya kalirole, mpando wotsukira kumutu, popondera mapazi, chitseko. Zonse anaziwotcherera pamodzi kuti akuba asanyamule kanthu. "Kawalala akafuna mupando, anyamule na shopu yonse." Amanyadira, ndipo m'pake. Madamu anamukoleka okha pa mtanda womwewo sabata yatha, magetsi atapita. Kuno aliyense amatero. Magetsi akapita ndiye nthawi yogwira mawaya, buleka, swichi yaikulu yodula magetsi onse, palibe amaikumbuka.

Ine ndinazimitsa buleka, bokosi lake n'kukhoma ndi kaloko ka sutikesi yanga. Ba Rex anaseka mpaka kukhala pansi. "Mulamu, mukomela malaiti yamene kulibe?" Yankho linandipeza m'njira pobwerera, monga mwa masiku onse: magetsi akamabwera sagogoda.

Kenako kuyeza. Nsonga imodzi pa waya wamoto, ina pa chitsulo cha Madamu. Ngati ziwirizo sizikukhudzana, mita iyenera kukhala chete. Inalira. Pa kalirole, inalira. Popondera mapazi, chimodzimodzi. Pa chitseko sindinafune n'komwe kuyeza, koma ndinayeza.

Ndinangoti ndibweranso mawa. Ba Feli anandikulungira vitumbuwa m'nyuzi.

Mwina mita ndi yakufa. Mwina ndine. Kiyi wa kaloko ndabwera naye.

Lachiwiri, 10 Sepitembala

M'mawa ku ofesi ndinayesa mita pa zinthu zimene ndikuzidziwa. Ili bwinobwino. Ndinakhumudwa pang'ono. Ndikanakonda yolakwa ikhale iyo.

Masana ku saluni. Ndinatsitsa chivundikiro cha Madamu. Sikuluwu inaboola pulasitiki wokuta waya wamoto, yakhudza kopa wa mkati. Kanthu kakang'ono ngati bala la singano. Komanso swichi ya pakhomo, amene anaiika kalekale anaidulitsa waya wobwerera m'malo mwa wamoto, ndiye ngakhale uzimitse, moto umafikabe kudenga. Ndipo waya wa efi, wobiriwira uja wothawitsira moto m'nthaka, kulibe. Chotengera cha pulasitiki sichinkaufuna. Madamu ndi wachitsulo.

Mwachidule, magetsi akabwera, chitsulo chilichonse m'shopu chili ndi moto, nyale iyake kapena izime. Palibe wamva kanthu chifukwa masiku ano magetsi amabwera anthu ali m'tulo, pocha apita. Ba Feli ankadandaula kuti mayunitsi akutha shopu isanatsegulidwe. Ndi amenewo, akulowa m'khoma.

Ndinawauza. Poyamba bwinobwino, kenako mawu a m'kalasi anayamba kutuluka okha, ndinaona nkhope yao ikutseka.

"Manje ichita shoko olo siichita?"

Ndinati ichita. Ndinati pakufunika waya watsopano kuchokera ku bokosi, chitsulo chokhoma m'nthaka, ndi buleka ina yodzidula yokha moto ukangothawa. Atamva za waya watsopano anayang'ana khoma lao la pinki.

"Ugumule chipupa changa? Mangani tepu pa ka waya. Tizagula mapatapata. Ku nyumba tinafa?"

Ndinati kunyumba sitinkaviika mapazi a alendo m'beseni. Pa chikwangwani chao panja analemba okha: kutsuka mapazi, kukonza zikhadabo. Mkwatibwi wa Loweruka, phazi lonyowa, pa chitsulo cha ba Rex.

Ndinati sindisaina. Liwu linatuluka laling'ono ngati la mwana wopempha kupita kuseri, koma linatuluka.

"Nakuluka sisi kuchokela uli kamwana. Lelo unikana pepala."

Ba Rex anatuluka kukayang'ana geti lomwe linalibe vuto lililonse.

Vitumbuwa lero kunalibe.

Lachinayi, 12 Sepitembala

Dzulo sindinalembe. Foni zii tsiku lonse. Amayi okha, kuchokera ku George: "Uzimvela akulu ako." Kenako anafunsa ngati ndikudya.

Ndagona ndikubwereza zoyeza zija m'mutu, kufunafuna pamene ndinalakwa. Anzanga a m'kalasi akumanga masiteshoni a sola, ine ndadana ndi mbale wanga chifukwa cha sikuluwu. Ndamvanso kuti ba Feli afunsira munthu wina m'tauni amene amasaina osafika pamalo, bola umutumizire chithunzi. Ali ndi chidindo chachikulu. Ba Kabwe amakonda zidindo. Zikatero kukana kwanga kwateteza ndani? Ndi kaloko kanga kaja, kwa munthu wodula zitsulo tsiku ndi tsiku n'chiyani? Ulusi.

Nthawi ya nkhomaliro mlonda wa ku ofesi ati pali bambo pageti. Ba Rex, mu ovololo, magalasi akuda ali pachipumi. Kaloko sanakadule. Anati Lachiwiri lomwelo anatenga choko n'kulemba pa chitseko kuti munthu asagwire, ngakhale buleka ili yozimitsa.

"Mulamu, nine ninamanga ija sikuluu. Niuzeni vogula."

Tinakhala pa mwala, ndinajambula kuseri kwa katoni ya sopo. Ndili mkati mojambula ndinaona chinthu chimene chinandidutsa masiku onsewa. Poti zitsulo zonse ndi thupi limodzi, waya wa efi umodzi wokha, womangidwa bwino, uteteza zonse. Chimene chinabalalitsa moto ndicho chiusonkhanitse. Ndinafunsa ngati mapaipi awo ali ndi mphako. Ali nayo. Waya watsopano udutsa mkati mwa felemu, khoma osalikhudza.

Za munthu wa chidindo anati azisiya kwa iwo. "Nizamuuza ati chidindo sichivala mapatapata." Sindikudziwa ngati ba Feli adzaseke.

Lachisanu, 13 Sepitembala

Ndapempha tsiku ku ofesi. Manja matuza okhaokha.

Nthaka ya Sepitembala ndi konkire. Chitsulo cha kopa chinkalowa pang'ono n'kukana, ba Rex hamala, ine chigubu cha madzi. Amayi ogulitsa tomato tsidya la msewu anafunsa ngati tikukumba chitsime, akatunge nawo.

Ba Feli tsiku lonse panja pa mpando, akuluka wigi pa chidole. Moni anayankha. Zina ayi. Chidolecho chikanakhala munthu chikanalira.

Waya watsopano walowa. Swichi ndaitembenuza, tsopano ikudula wamoto. Buleka yatsopano m'bokosi. Madamu tamukweza pang'ono kuti chipeso chisamufike, ndipo sikuluwu ndamanga ndekha, waya nditaukankhira kutali ngati mpongozi.

Kuyezanso. Pamene mita iyenera kukhala chete, chete. Kuchokera pa efi kupita pa kalirole, pa mpando, popondera, pa chitseko, paliponse ikulira mmene ziyenera kukhalira. Ba Rex ndinawapatsa nsonga imodzi agwirizire. Inkati ikalira, iwo "Ameni."

Kwatsala zoyeza zofuna magetsi enieni, makamaka kuona ngati buleka yatsopano ikudula msanga moto ukathawa. Magetsi sanaoneke kuyambira Lachitatu, usana kapena usiku. Ba Rex anati abwereke jenereta. Ndinati ya jenereta siindiuza za magetsi amene adzalowe m'shopu muno. Kukana kwachiwiri sabata imodzi. Kumeneku sikunawawe kwambiri.

Ba Kabwe anadutsa, tayi pakhosi dzuwa lonseli. "Ba injiniya, pepala?" Ndinawaonetsa satifiketi, masamba awiri, mizere ina yodzaza, ina yopanda kanthu, posaina poyera. Anawerenga mizere yopanda kanthuyo nthawi yaitali. Anati mawa abwera m'mamawa.

Ba Rex agona m'shopu, babu la panja la oyandikana nawo likangoyaka andiimbire. Foni ndaiika m'mbale yachitsulo kuti ndiimve.

Mawa mkwatibwi. Akabwerera pageti, Kalingalinga yense adziwa dzuwa lisanalowe, ndipo adziwanso kuti ndi chifukwa cha mng'ono wa ba Feli wophunzira uja.

Loweruka, 14 Sepitembala

Mbale sinalire.

Ndinafika m'mawa ndi mita. Ba Kabwe ali kale pakhomo ngati wapolisi wa pamsewu. Abusa anabwera kudzapempherera shopu, anapempherera panja. Kenako minibasi, mkwatibwi ndi anzake, mipango kumutu, zikwama za zovala.

Ndinkadikira kuti ba Feli andiyang'ane ndi maso aja. Sanatero. Anatulutsa mipando ya pulasitiki, mabeseni, kalirole wa m'manja, n'kuyala zonse pansi pa mtengo wa mango. Kwa mkwatibwi: "Lelo ni saluni ya mphepo, mami. Kuluka sikufuna malaiti." Anzake anaseka, anakhala. Ine pa sitepe, mita pamiyendo, wopanda ntchito ngati ambulera mu Sepitembala. Maganizo omwe aja. Mizere iwiri yokha yotsala pa satifiketi, nditangoidzaza ndani angadziwe? Cholembera ndinachitulutsa, ndinachibwezanso. Kangapo.

Dzuwa litakwera, phokoso kuchokera kumunsi kwa komboni. Ana, nyumba ndi nyumba, likubwera ngati mvula: malaiti, malaiti. Majenereta akuzima limodzilimodzi. Wailesi ya munthu wina inayambira pakati pa nyimbo.

Atsikana ananyamuka ndi mabeseni kuti alowe. Amene anawaletsa ndi ba Feli, chipeso m'mwamba. "Palibe angene. Mufana wanga akalibe kusiliza."

Ndinalowa ndekha. Kutsegula kaloko, kiyi kugwa. Buleka m'mwamba. Kuyeza pa chitsulo chilichonse, moto palibe. Kuyeza njira ya efi, ili bwino. Kenako chachikulu chija, kuthawitsa moto pang'ono mwadala ndi mita. Thapu. Buleka yadula ndisanaphethire. Ndinabwereza, poti ndine. Thapu.

Swichi. Madamu anayaka, timadontho ta kuwala pa pinki ponse, mpaka pa tayi ya ba Kabwe amene anasuzumira pakhomo. Wokongoladi, ndivomere.

Ba Feli analowa, beseni m'manja, madzi akutayikira pansi. Analiika. Anavula mapatapata awo, onse awiri, n'kuponda pamadzipo. Anagwira felemu ya kalirole ndi dzanja lonse, maso ali pa ine. Ndinali nditayeza kale, manambala ndikuwadziwa, komabe maso anga sanachoke pa dzanjalo.

"Palibe," anatero. Kenako, ngati akunena za mtengo wa tomato: "Mawa tiyende ku George. Ubwele na ka mita kako, ija filiji ikaliko."

Ndinadzaza mizere yotsala nditatsamira pa mpando wotsukira kumutu. Dzina langa lonse, Eneless, osati Ene. Siginecha inapendekeka pang'ono, basi ndi imeneyo. Ba Kabwe anatambasula dzanja, ndinati pepala ndi la mwini ntchito, iwo aonetsedwa ndi iye.

Ndinapinda masamba awiriwo pakati, ndinapereka kwa ba Feli. Anayamba apukuta manja pa chitenje, kuseri ndi kutsogolo. Analandira ndi manja awiri.