Chingwe cha Chitenje m'Misewu ya Magomeni

Magomeni,
Dar es Salaam.

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wanga, nditagwada monga ndimachitira ndikafika pakhonde panu ku Ntcheu. Muli bwanji? Mwendo uja umakuvutani nthawi yozizira uli bwanji chaka chino? Nanga azakhali akupezako bwino? Kuno tadzuka ndithu. Mdzukulu wanu Chimwe wandipitirira kale msinkhu, koma Chichewa chake chidakali chopindika. Mukamufunsa m'Chichewa, iye amayankha m'Chiswahili.

Alamu anga a Jabulani atafika ndi lole yawo anatiuza mawu anu. Akuti mwamva kuti ndikumakoka mwana wanu ndi chingwe mumsewu ngati mbuzi yopita kumsika, ndipo anagwa n'kusupuka mawondo anthu akuonerera. Akutinso mwalamula kuti ulendo wotsatira awakweze pa lole, abwere kumudzi mudzawasamale nokha.

Amayi, sindinakwiye. Inenso wina atandiuza zotero za Chimwe sindingadye. Chingwe chilipodi, ndipo kugwako anagwadi. Koma amene anakuuzaniyo anaona tsiku limodzi lokha. Ndiloleni ndikufotokozereni za masiku enawo.

Mukudziwa kuti madokotala atanena kuti maso a bambo a Chimwe sadzaonanso, ntchito yoyendetsa lole inathera pomwepo. Chimene sitinkakuuzani pa foni n'chakuti munthuyo anangokhala pampando. Ndikamapita kuntchito kuchipatala ndinkawasiya pabalaza, pobwera n'kuwapeza pomwepo, wailesi ili chete, tiyi atazizira m'kapu. Anzawo akabwera kudzawaona ankanamizira tulo. Ndinkadzifunsa ngati ali Ezekiel yemwe uja munkatisimbira, woti ali mnyamata mukamutuma kuboma ankapita chothamanga, n'kubwera inu musanamalize kusesa pabwalo.

Kuno Lamlungu m'mamawa kumadutsa magulu a anthu othamanga, akuimba ndi kuliza mawezulo. Tsiku lina gulu lotere likudutsa, ndinamva bambo a Chimwe akulankhula okha.

"Pali wina kumbuyo kwa gululo akukhwekhwereza phazi la kumanzere. Bondo limupweteka ameneyo."

Ndinasuzumira pawindo, ndipo analipodi bambo wina wonenepa akutsalira. Nditatembenuka ndinaona mapazi a mwana wanu akugunda pansi pang'onopang'ono, kutsatira nyimbo ija. Ndinawafunsa ngati akulakalaka kuthamanga. Anangoti ndisawaseke, n'kutembenukira kukhoma.

Mtima wanga sunakhale pansi. Ndikaweruka kuntchito ndinayamba kutsika basi ndisanafike pathu, n'kuyenda wapansi, kufunafuna njira yoti munthu wosaona angathamangemo. Amayi, msewu umene umadutsamo tsiku lililonse suudziwa mpaka utauyang'ana m'malo mwa munthu wina. Ndinaona ngalande zosavindikira, mizu ya mitengo yotukula simenti, ndi njinga zamoto za bodaboda zokwera mpaka mwa anthu oyenda pansi. Msewu waukulu wa Morogoro ndinausiya chifukwa cha phokoso, sakanamva mawu anga. Kumunsi kwa Jangwani ndinakusiyanso, mvula ikangogwa kumakhala matope okhaokha.

Mapeto ake ndinapeza timisewu ta kuseri kwathu, kuchokera pamzikiti, kudutsa pasukulu ya pulayimale, kuzungulira bwalo la mpira n'kubwerera. Panatsala malo awiri ondidetsa nkhawa. Pakona ina mayi Clementina amakazinga zitumbuwa za mpunga, mbaula yawo ili m'njira ndendende. Nditawafotokozera, anaikokera pafupi ndi khoma, n'kunena kuti ndikanawauza kale. Penapo panali ngalande yaikulu. A Shafii, aneba athu amene amapala matabwa ku Keko, anabwera ndi matabwa okhuthala n'kuikhomera chivindikiro, ndipo anadumphapo okha kuti ndione kulimba kwake.

Chingwe chija ndi chitenje changa chakale. Ndinaching'amba n'kuluka kachingwe kotalika ngati mkono, kokhala ndi polowetsa dzanja mbali zonse ziwiri. Sindiwakoka, Amayi. Timathamanga phewa ndi phewa, dzanja lawo lamanzere ndi langa lamanja zikuyendera limodzi. Nditawaika chingwecho m'manja anachipapasa nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati nsapato zawo zakale zija ndinazitaya. Zinali pansi pa bedi.

Masiku oyamba tinkangoyenda. Titayamba kuthamanga m'pamene vuto linaoneka, ndipo vutolo linali ine. Mukundidziwa, chisiyireni sukulu sindinathamangepo. Tsiku lomwe anagwalo befu anandithera, ndipo kutsogolo kunali kachitunda kaja amaika pamsewu kuti galimoto zichepetse liwiro. Ndinakaona ndithu, koma mawu anakana kutuluka. Anapunthwa n'kugwa chafufumimba, inenso ndinagwera pa iwo. Anthu anatizungulira, ndipo pakati pawo panali mayi wina wa geni wa kwathu konko. Ndikhulupirira kuti nkhani inakufikani kudzera mwa iyeyo.

Kunyumba ndikutsuka mabalawo ndinalira. Ndinawauza kuti basi tisiye, sindikufuna kuwapha. Anandigwira dzanja.

"Marita, msewu sunalakwe. Iwe umatambasula miyendo kwambiri, umamenya pansi ndi chidendene ngati ukusinja. N'chifukwa chake mpweya umakuthera. Maso anga tsopano ali pakamwa pako. Uyenera kuphunzira kuthamanga uli ndi mpweya wolankhulira."

Chichokereni kuchipatala cha maso, anali asanalankhulepo mawu ochuluka chotero.

Mabala atapola anayamba kundiphunzitsa. Ankandiimika pabwalo la mpira n'kundiuza kuti ndithamange mowazungulira, iwo akumvetsera. Amati ndichepetse mapazi, phazi lizitera pansi pa thupi langa osati kutsogolo. Akandigwira mapewa amati ndawakweza mpaka m'makutu ngati munthu wozizidwa, ndiwatsitse. Manja ndisakunge zibakera, ndizichita ngati ndagwira dzira. Mutu ndisazolike, ndiziyang'ana patali, chifukwa chimene ndachiona mochedwa iwo achimva ndi mawondo. Anandiuzanso kuti ndiziimba nyimbo ya kwaya tikamathamanga, ndipo nyimbo ikayamba kuduka ndiye kuti tathamangitsa, tichepetse.

Ndi mphunzitsi wovuta mwana wanuyu. Tsiku lina ndinakwiya n'kuwauza kuti akwatire wina wa miyendo yabwino. Anayankha kuti ayamba aona kaye ngati uyu angakonzeke, ndipo tinaseka mpaka kukhala pansi m'mbali mwa msewu.

Tsopano tinagwirizana mawu athu. Ndikati chitunda, amakweza mawondo. Ndikati mchenga, amachepetsa mapazi. Malo ena amawadziwa ndisananene. Fungo la mafuta a mayi Clementina likawafika amayamba okha kukhotera kumanja, ndipo mayiwo amakuwa kuti pole pole shemeji, ndiye kuti pang'onopang'ono alamu. Gulu la Lamlungu lija linatiitana kuti tizithamanga nalo. Bambo wonenepa uja, a Abdulkarimu, anasiya kukhwekhwereza phazi atalangizidwa, ndipo ndi amene anayambitsa zowatchula bambo a Chimwe kuti kocha, ndiye kuti mphunzitsi wa masewera. Dzinalo lafala m'dera lonse.

Chimene ndikufunitsitsa kuti mumve ndi ichi. Mwezi watha tinakwera bajaji, kagalimoto ka matayala atatu, kupita kugombe la Coco m'mawa, madzi a m'nyanja ataphwera kutali, mchenga uli wolimba ngati pabwalo lozira. Titathamanga pang'ono anandifunsa kuti kutsogolo kuli chiyani. Ndinati palibe, ndi mchenga wokhawokha. Anafunsanso ngati kuli anthu. Ndinati ali kutali.

Anavula chingwe m'dzanja n'kundipatsa.

Amayi, ndinachita mantha, koma sindinawaletse. Anayamba pang'onopang'ono, manja ali patsogolo. Kenako anatsitsa manja aja n'kuthamanga ndithu, msana uli chilili, mapazi osamveka n'komwe. Ine ndinali pambuyo kukuwa kuti kumanja pang'ono, kumanja pang'ono, kuopa kuti alowa m'madzi. Anandisiya kutali. Nditawapeza anali ataima, madzi akuwanyambita mapazi, akupumira m'mwamba. Ndinkayesa akuseka, koma nditayandikira ndinaona misozi. Anati anali ataiwala mmene mphepo imamvekera kumaso munthu ukaipanga wekha.

Ndiye pempho langa ndi ili. Musawatenge. Ndikudziwa kuti mungawasamale kuposa ine, simungalole ngakhale kuti atunge okha madzi akumwa. Koma chikondi chimenecho chingawabwezere pampando. Kuno ali ndi njira imene mapazi awo aiphunzira, ali ndi anthu owadikira Lamlungu, ndipo ali ndi ine woti azindikalipira za chidendene. Sindingakulonjezeni kuti sadzagwanso. Ndingolonjeza kuti akagwa ndidzakhala pambali pawo.

Malo a pa lole mwawasungira aja, bwanji mukhalepo ndinu pobwera kuno? Alamu avomera, akuti mpando wakutsogolo ndi wanu. Mudzakhale pampando pafupi ndi mbaula ya mayi Clementina, mudye chitumbuwa chotentha, mudzaone mwana wanu akudutsa. Mukadzaona n'kunenabe kuti abwerere kumudzi, tidzakhala pansi tonse atatu n'kukambirana.

Kalatayi ndawawerengera bambo a Chimwe asanaitenge alamu. Atamva anati ndiwonjezere mawu awo. Akuti mupondetse phazi lanu papepala, wina alizungulize ndi pensulo, mupatse a Jabulani. Akufuna mudzapeze nsapato zokukwanani zikukudikirani, chifukwa mbali yawo yakumanja ilibe munthu, ndipo akuti poyenda nanu sadzathamangitsa.

Mutiperekere moni kwa azakhali, kwa atsibweni ndi onse a pakhomo, osaiwala amayi a mvano amene amatipempherera. Chimwe akuti shikamoo agogo, ndiwo moni wa ulemu wa kuno. Mulungu akusungeni, alimbitse mwendo wanuwo, ndipo atikumanitse tili amoyo.

Ndine mpongozi wanu,
Marita