Sajeni Akukana Chakudya Changa Koma Akunenepa

Aphungu,

Musandiseke poona kuti mayi wamkulu, wa ana awiri, ndakhala pansi kulemba kalata chifukwa cha galu. Inenso kale ndikanaseka. Koma galu ameneyu wandiika m'kamwa mwa anthu, ndipo mwina anditulutsa m'nyumba imene tinamanga ndi malemu amuna anga kuno ku Area 25.

Dzina lake ndi Sajeni. Ndi galu wamba, wofiirira, wa makutu ogwa, osati agalu a mabwana odya zogula m'sitolo aja. Amuna anga, bambo a Promise, anabwera naye ali kamwana atamuika m'katoni, ndipo tsiku lomwelo anamulavulira malovu m'kamwa. Ati kwawo ku Thyolo akuluakulu amatero kuti galu adziwe mwini wake, asadzamusiye mpaka kalekale. Ine ndinawanena kuti ndi uve, iwo n'kumangoseka.

Wophika chakudya cha Sajeni ndinali ine: phala lolimba la madeya, losakaniza ndi bonya kapena mitu ya nkhuku. Ankadya mpaka kunyambita mbale. Amuna anga ankagwira ntchito ku Kanengo, ndipo akaweruka, dzuwa litapendeka, ankafika pageti n'kuimba likhweru. Akasintha nsapato ankati, "Mayi a Promise, tikawongole miyendo ine ndi mnzangayu." Ankabwerako kachisisira katayamba. Azimayi anzanga ankandichitira kaduka, poti amuna awo ankathera ku bawo ndi kumowa pamene anga ankangoyenda ndi galu.

Anatisiya Lamlungu lina, titangotha kudya chamasana. Anaimirira kuti akasambe m'manja, n'kugwa pakhonde. Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi. Tinakawaika kwawo ku Thyolo.

Chibwerereni kumaliro, Sajeni sanadyeponso chakudya changa. Ndikamuikira mbale amanunkhiza, n'kundiyang'ana, kenako n'kuyang'anitsitsa kumbuyo kwanga ngati pali wina waima pamenepo. Ndikacheuka ndimapeza khoma basi. Akatero amapita kukagona pansi pa mpando wa malemu. Ndinayesa kuthira msuzi, ndinayesa dzira, mpunga, mpaka tsiku lina ndinamupatsa nyama ya ng'ombe ana anga akuyang'ana ndi maso ofiira. Anakana. Mbale imakhala pamenepo tsiku lonse mpaka nkhuku za aneba zimabwera kudzamaliza.

Aphungu, galu wosadya amayenera kuwonda. Sajeni akunenepa. Ubweya uli see, nthiti sizikuoneka n'komwe, khosi lachita mapindi.

Chimene chimandichititsa tsemwe ndi ichi. Nthawi yoweruka ku Kanengo ikakwana, amadzuka mwadzidzidzi makutu ali njo, ngati wamva likhweru. Ine sindimva kanthu. Amathamangira pageti, n'kumagwedeza mchira ndi matako omwe, n'kudumpha miyendo yakutsogolo ili m'mwamba monga ankachitira pachifuwa cha mbuye wake, n'kugwera pafumbi. Kenako amadikira pakhomo nthawi yokwana munthu kusintha nsapato, n'kutulukira pampata wa kumpanda. Sathamanga ngati galu wolowerera. Amayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa msewu, akuyang'anayang'ana m'mwamba chakumanja kwake.

Mayi Fatu, amene amagulitsa samusa pamphambano ya kwathu, anandikokera pambali nati, "Anzanga, galu wanu uja sakuyenda yekha. Akafika pano amaima n'kukhala pansi, pomwe malemu ankaima n'kundipatsa moni. Akatha kudikira amanyamuka. Ine ndimangoyang'ana kumbali n'kutchula dzina la Mulungu."

Sajeni amabwerako kachisisira, mimba itafufuma, kukamwa kuli mafuta okhaokha. Sabata yatha anabwera atasambitsidwa. Ankanunkhira sopo, ndipo nkhupakupa zonse za m'makutu zinali zitachotsedwa. Aphungu, Sajeni salola munthu kumugwira makutu. Ine ndemwe anandilumapo. Amene ankamuchotsa nkhupakupa anali bambo a Promise okha. Tsiku limenelo ndinangokhala pansi pakhonde. Kumutsatira sindinayesepo, ndipo ana ndinawaletsa.

Alamu anga a Mirriam, achemwali awo a malemu, amakhala ku Chipasula. Atabwera kudzationa anaona Sajeni akuikana mbale yanga. Anawomba m'manja nati, "Galu sanama, mlamu. Achimwene anagwa atadya za m'manja mwanu. Galuyu anaona zonse, n'chifukwa chake akuopa mbale yanu, ndipo mwini wake akumudyetsa yekha." Nkhani inafika ku Thyolo minibasi isanawafikitse ku Chipasula. Tsopano akuchimuna akubwera kumapeto kwa mwezi uno kudzakambirana za katundu. Akuti ndidzamuikire Sajeni chakudya pamaso pa onse. Akakana, ndiye kuti mlandu watha, nyumba ndi ana atenga.

M'dera muno anthu asiya kudzapempha mchere kwathu. Kumaliro a mnzathu wina azimayi anandilanda mthiko mwaulemu, ati ndipume. Promise, mwana wanga wamkulu, anandifunsa dzana kuti, "Amayi, kodi Sajeni akudziwa chiyani?" Ndinangolowa kuchipinda n'kukalira.

Amuna anga ndinkawakonda, Aphungu, ndipo sindinawachite kanthu. Wina wandiuza kuti ndingomuthirira galuyu mankhwala a makoswe nkhani ithe, koma mtima ukukana. Ndithandizeni. Galu amayenera kudya chochuluka bwanji, ndipo ndichite chiyani kuti adye za m'manja mwanga anthu aja asanabwere? Komanso ndiuzeni zoona, musandibisire: kodi munthu wakufa angadyetse galu?

L.M., Area 25, Lilongwe

Mayi L.M.,

Pepani kwambiri ndi imfa ya amuna anu. Sindikuseka ayi, ndipo ndiyamba ndi funso lanu lomaliza chifukwa ndi limene likukusowetsani mtendere. Wakufa sagula sopo. Chimene chikunenepetsa Sajeni chikuphikidwa pamoto, ndipo wochiphikayo akupuma mpweya womwewu umene mukupuma inu.

Galu wanu akukana mbale yanu chifukwa ndi wokhuta. Mwina masiku oyamba anakana chifukwa cha chisoni, poti agalu nawonso amasowa mbuye wawo. Koma inu munayamba kumunyengerera, lero dzira, mawa nyama, mbale ili pomwepo tsiku lonse. Mwamusandutsa bwana wa mu hotela. Galu akadziwa kuti chakudya sichithawa, komanso kuti madzulo kuli phwando kwina, angadyerenji madeya?

Galu wamkulu adye kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, pa nthawi imodzimodzi. Muyeso wake uli pathupi lake. Mukamusisita m'mbali nthiti zizimveka m'manja koma zisaoneke ndi maso, ndipo mukamuyang'ana kuchokera pamwamba chiuno chizioneka. Sajeni wadutsa pamenepo, choncho muchepetseko pa mlingo umene munkamupatsa kale. Bwererani ku madeya ndi bonya zomwe anakulira, popanda anyezi, popanda mchere wambiri, popanda mafupa a nkhuku ophika chifukwa amabaya m'mimba. Ikani mbale, mupite mukawiritse madzi a tiyi, ndipo akawira mudzachotse mbaleyo, kaya wadya kaya sanadye. Pakati pa tsiku madzi okha. Tsekani mpata wa kumpanda uja, madzulo muziyenda naye nokha ali pa tcheni. Adzanyanyala poyamba, inu muumitse mtima. Galu wabwinobwino sadzipha ndi njala chakudya chili pamphuno. Koma mukaona kuti akukanabe mpaka kufooka, akusanza, akutuluka dovu kapena wayamba kulusa mosadziwika bwino, thamangirani kwa dokotala wa ziweto. Ndi bwinonso kuti amuone mano, amupatse mankhwala a njoka zam'mimba ndi katemera wa chiwewe.

Za mankhwala a makoswe zija musaziganizirenso. Ndi nkhanza, ndipo mayi amene akunenedwa kuti anathira mankhwala m'chakudya cha mwamuna sangadziyeretse pothira mankhwala m'chakudya cha galu.

Mayeso a alamu anuwo muwakane, ngakhale Sajeni atayamba kudya mawa. Galu si woweruza milandu. Mukavomera lero kuti mbale ya galu igamule za nyumba, mawa adzabwera ndi mphaka. Ana anu akudya za m'manja mwanu tsiku ndi tsiku, nkhuku za aneba zikumaliza mbale ya Sajeni ndipo zikuikira mazira. Itanani ankhoswe a mbali zonse ziwiri ndi akuluakulu a kumpingo kuti adzakhalepo pa zokambiranazo. Kulanda mayi wamasiye ndi ana ake katundu ndi mlandu m'dziko muno, ndipo wina akakuopsezani mukanene ku polisi.

Komabe ndikudziwa kuti malamulo satseka pakamwa pa anthu. Chimene chingabwezeretse mthiko m'manja mwanu ndi kupeza amene akudyetsa galuyu. Choncho musanatseke mpata uja, mulole apite kamodzi, inu mumutsate kunja kukuwala. Musapite nokha. Tengani munthu wamkulu wofatsa, makamaka nkhoswe ya kuchimuna, kuti adzachitire umboni kwa abale ake zomwe waona ndi maso ake. Ana atsale.

Zoti Sajeni amamva likhweru limene inu simumva, ndi kuyang'ana m'mwamba pamene palibe munthu, ena angati ndi chizolowezi chimene chinamulowa m'thupi. Ine sindikunamizani kuti ndikuzimvetsa zonse. Chimene ndikudziwa n'chakuti galu sapeka njira. Njira imene akuyendayo anamuphunzitsa ndi amuna anu, madzulo aliwonse, inu mukuwatamanda kwa anzanu.

Mwina mukathera pa chiwaya cha tchipisi, kapena kuseri kwa butchala, kapena kwa mnzawo wa malemu wa kuntchito. Ndikupemphera kuti zikhale choncho. Koma mwandipempha kuti ndisakubisireni, ndiye imvani. Wa chiwaya amaponyera galu zotsala, samusambitsa. Munthu amene Sajeni wamulola kumugwira makutu anamuzolowera kalekale, ndipo wosambitsa galu wa munthu wakufa ndi munthu amene akumulira wakufayo. Kumene galuyo akakufikitseni dzina lanu likayera, koma mwina mukabwerako mutataya amuna anu kachiwiri.

Chenjezo langa ndi ili. Musanyamuke muli ndi ukali, ndipo musanyamule kanthu m'manja. Mukagogoda, wotsegula n'kukhala mayi mnzanu, musayambe ndi chipongwe, chifukwa mwina iye wakhala akulira yekhayekha popanda womupepesa. Ndipo pakhondepo pakakhala kamwana kakusewera ndi Sajeni, pemphani kaye mpando. Mukhale pansi musanakayang'ane kumaso.

Aphungu