Mukamva Kuti Ndikusuta Volo

Kanyama, Lusaka

Akulu anga a Eneless,

Muli bwanji ku Katete? Nanga mwendo wa alamu unapola? Ife tili bwino, kungoti madzi amvula alowanso m'nyumba osaodira.

Ndalemba msanga kuti nkhaniyi muimvere kwa ine, chifukwa Petronella, neba wanga, akubwera kwanuko kudzagula nshawa, ndipo pakamwa pake palibe chitseko.

Paja tinasamuka ku Chawama pothawa mbiri ya mwana wanga Edwell ndi volo, mankhwala ozunguza bongo aja amene anamuchititsa kugulitsa ngakhale ayironi yanga. Kuno palibe akudziwa.

Tsopano boma linakonza zoti anthu otere azimwa kakapu ka mankhwala pakiliniki m'mawa uliwonse, nesi akuona, kuti chibaba chizizire. Ine ndinakana. Ndinati boma lapenga, mankhwala angachotse bwanji mankhwala anzake? Edwell ndinamutsekera m'chipinda masiku awiri ndi Baibulo. Akulu, mwana ananjenjemera, kusanza, kulira ngati khanda. Ndinachita mantha, ndinamuperekeza ndekha.

Kuyambira pamenepo timapita tonse. Iye manyazi, amabisala kuseri kwa thanki yamadzi, ine ndiye ndimamugwirira malo pamzere. Lachinayi lina ndinaima pamenepo nditavala yunifomu ya amayi akutchalitchi, pakati pa anyamata ofiira maso. Petronella anadutsa.

Madzulo ake amayi khumi ndi awiri anafika kudzandipempherera. Amayi busa anati n'chifukwa chake ndimawodzera pa ulaliki. Wina anati anazindikira kalekale poona kavinidwe kanga pa chopereka. Anandigwedeza mutu mpaka duku linagwa, akulamula chiwanda cha volo kuti chituluke. Makiyi a kabati yatchalitchi andilanda.

Ndikanatha kunena zoona. Koma Edwell anali kuchipinda akumva zonse, ndipo wangoyamba kumene ntchito yowotcherera mageti kwa mkulu wa mpingo. Ndinangotsinzina n'kuyankha kuti ameni.

Zikundiwawa, sindinama. Zaka makumi atatu ndikuyimba kwaya, lero ndikamadutsa anthu akufumbata zikwama zawo. Koma mwana wayamba kunenepa, ndipo dzulo ndinamumva akuseka.

Choncho ndikupempheni, akulu. Petronella akakuuzani, musanditeteze. Mungopukusa mutu, munene kuti mng'ono wanu ndi wosamva kuyambira ali mwana.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ambuye akusungeni.

Ndine mng'ono wanu,
Maud