Makapisozi a Bambo a Sharon

Lolemba, 6 Meyi
Bambo a Sharon abwera kuchokera ku Dar ndi katundu wa mushopu, thupi likutentha ngati mbaula. Mutu, m'maso, mafupa onse kuphwanya. Achemwali awo, a Margret, afika kale kuchokera kwa Maganga ndi LA wotsala wa mwana wawo. Alamu angawa! Kwa iwo chilichonse ndi malungo, ngakhale kupunthwa chala.

Lachitatu, 8 Meyi
Malungo sanapezeke. Adokotala a pakiliniki akuti ndi dengue, adalumidwa ndi udzudzu wa ku Dar. Ine ndikuidziwa, alendo athu kuloji komwe ndimagwira ntchito amaiopa. Ndawerenganso pafoni: ndi vayirasi, ilibe mankhwala. Panado, madzi ambiri, kugona, basi. A Margret angoti kukamwa yasa.

Lachisanu, 10 Meyi
Thupi lazizira, amwa phala. Sindinanene?

Loweruka, 11 Meyi
Kutentha kwabwereranso, pano ndi chifuwa. Makhololo achikasu. Adokotala aja akuti dengue yafooketsa thupi, ndiye mabakiteriya alowerapo m'mapapo, chibayo. Apereka makapisozi, katatu pa tsiku. Zamkutu! Matenda awiri pa munthu mmodzi, ndi minibasi? Makapisozi sapha vayirasi, foni yanena poyera. Madokotala athuwa akasowa chonena amangolemba makapisozi. Ndawaponya m'chikwama changa, asamwe zopanda pake.

Lamulungu, 12 Meyi
A Margret: "Mlamu, ife sitinapite patali ndi sukulu, koma tapatseniko achimwene mankhwalawo." Ndawauza kuti azidandaula za mpunga wawo wa kumunda. Chikwama ndapita nacho kuntchito, ndikuwadziwa manja awo.

Lachiwiri, 14 Meyi
Andiimbira ndili pa risepishoni, akuti bambo a Sharon akubanika. Ndawapeza pa chipatala cha boma, paipi ya mpweya m'mphuno, milomo yotuwa. Sanandizindikire. Ndikuopa, Mulungu wanga, ndikuopa.

Adokotala a pawodi atsegula buku lakuchipatala. "Makapisozi a Loweruka amwa angati?" Ndakumbatira chikwama changa. Afunsanso. Ndatulutsa m'chikwama, onse osatsegula. Andiyang'ana, aitana nesi kuti abweretse jakisoni msanga.

Nesi wati pawodi pamatsala munthu mmodzi wodikirira wodwala, ndani? Ndimati ndiyankhe. A Margret anali atayala kale chitenje pansi pa bedi.

"Ndine mchemwali wake, nditsala ndine. Awa akubwerera kuntchito."