Ndinakwecha chitini cha phunziro la amuna anga

Aphungu,

Mundikhululukire ngati kalatayi yakhotakhota, sukulu ndinalekezera sitandade 4. Ndine mayi wa ana awiri, ndipo amuna anga amaphunzitsa fizikisi kusekondale. Ana asukulu anawapatsa dzina loti a Maginito. Ine anzanga amanditchula Mayi Maginito, chikhalirecho sindinapondepo m'kalasi mwawo.

Kale bambowa ankangolemba manotsi m'kope, ine osadziwa n'komwe kuti akulemba chiyani. Chaka chino aphunzitsi anzawo anawatumizira pafoni maphunziro okonzeratu. Amakawasindikiza kusukulu n'kubwera nawo kunyumba. Phunziro lililonse lili ndi pepala lake, pali zithunzi, zinthu zofunika, poyambira, chotsatira, mpaka mafunso ofunsa ana. Zinthu zakezo n'za m'nyumba momwemu. Masupuni anga, chipeso, botolo la mafuta likatha, ngakhale chingwe choyanikapo zovala, zonse zinayamba kulowa m'katoni mwawo.

Phunziro asanapite nalo kusukulu, ankayamba aliyesa patebulo pathu akaweruka. Poyamba ndinkangodutsa ndi mbale, kusuzumira ndi diso limodzi. Tsiku lina anadzaza tambula ndi madzi, n'kuvindikira ndi kapepala kolimba, n'kuizondotsa. Ine ndinathamangira chokolopera. Madzi osatayika. Ndinafunsa kuti, "Bambo ake mwana, mwapakapo chiyani papepalapo?" Iwo anaseka n'kuti, "Palibe. Ndi mpweya ukukankha kuchokera pansi. Takhalani apa muone." Ndinakhaladi, ndiwo mpaka zinapserera.

Kuyambira pamenepo mpando wanga unali pambali pawo. Ndinaona supuni ikuoneka yothyoka m'madzi koma ili bwinobwino. Ndinaona chipeso chokhula kutsitsi chikutola timapepala. Chingerezi cha pamapepalawo sindichimva, koma zithunzi ndimazitsata, ndipo iwo ankandimasulira. Ndikamachapa kapena kuphika, mutu unkakhala uli komweko. N'chifukwa chiyani chivindikiro chimavina madzi akawira? Nanga dzira limamira bwanji m'madzi, koma mukathiramo mchere wambiri n'kuyandama? Ndikawafunsa ankati, "Amayi, inu muli ndi mafunso kuposa kalasi yanga yonse."

Vuto linabwera mwezi watha. Ndinapita kuchipatala kukazonda achemwali anga, n'kubwerako dzuwa litapendeka. Patebulo ndinapeza zitini ziwiri za mkaka zofanana, china chonyezimira, china chakuda bii ndi mwaye. Ndinkadziwa kuti mawa lake ahedi ndi alendo oyendera sukulu akakhala m'kalasi mwa bambowa, malaya ndinali nditawasitira kale. Mumtima ndinati, alendowo akaona chitini ichi akanena kuti mkazi wa mphunzitsiyu ndi wauve. Eni ake anali atapita kokameta. Ndinatenga waya wokwechera mapoto, ndinachikwecha mpaka nkhope yanga inayamba kuoneka. Zonse ziwiri ndinaziika m'jumbo n'kumanga bwino kuti asavutike m'mawa. Atabwera ndinangoti, "Zitini zanu ndalongedza." Zokwechazo sindinanene, ndinkafuna akadabwe. Anakadabwadi.

Mwaye uja anachita kuuika dala ndi kandulo. Phunziro lake linali lothira madzi m'zitini zonse ziwiri, kuziika padzuwa, ana n'kumayeza kuti madzi otentha msanga ndi ati. Akuti mapepala a mafunso anali atagawa kale, onse akunena za chitini chakuda. Atamasula jumbo, mwana wina anaimika dzanja n'kuti, "Sala, chakudacho ndi chiti pamenepo?" Kalasi yonse inafa ndi phwete, alendo ali kumbuyo akulemba. Kandulo panalibe. Anamaliza phunzirolo pojambula zitini pabolodi ndi choko.

Kunyumba sanandikalipire, mwina zikanakhala bwino akanatero. Anandifotokozera zonse ataimirira, kenako anati, "Amayi, izi n'za kusukulu. Inu muzisamala za kukhitchini." Katoni ija anaitengera kusukulu, ndipo maphunziro tsopano amakonzera konko. Ndapepesa mpaka kutopa. Amangoti, "Zinatha zimenezo." Kudya akudya, kucheza akucheza, koma patebulo pali mbee.

Mtima wanga sukukhazikika, Aphungu. Ndimaganiza kuti mwina aona kuti anakwatira mbuli. Mwina kusukuluko pali madamu wina amene amamva zinthu popanda kumasuliridwa. Ndiye pali chinanso chimene ndikuchita nacho manyazi kunena. Mpaka lero sindikudziwa kuti madzi otentha msanga ndi a m'chitini chiti, komanso chifukwa chake. Funso limeneli likundikanda tsiku lililonse ndikaona dzuwa pakhonde. Kodi n'kulakwa mayi wamkulu, wosaphunzira ngati ine, kufuna kudziwa zoterezi? Nanga ndichite chiyani kuti ndibwerere patebulo paja?

E. N., kunyumba za aphunzitsi

Mayi,

Choyamba, lekani kupepesa. Munapepesa, anamva, basi. Mukapepesanso mumawabwezera m'kalasi muja, ana akuseka ndi alendo akulemba, ndipo palibe munthu amene amafuna kubwerera pamalo otere.

Mlanduwu si wanu nokha. Inu munakwecha osafunsa. Iwo anasiya chitini chakuda patebulo pa mayi wodziwa kukwecha osanena kanthu, ndipo m'mawa ananyamula jumbo osasuzumiramo. Maphunziro okonzeratuwa ndi abwino, amapeputsa ntchito, koma pepala silingatsegule jumbo. Ndikuganiza kuti amuna anu akudziwa zimenezi, ndipo mbali ina ya mkwiyo wawo ndi yodzikwiyira okha. Koma musapite nayo nyuzipepalayi kukawaloza nayo kumaso kuti Aphungu akuti nanunso munalakwa. Mukatero katoniyo sidzabweranso.

Za madamu uja zichotseni m'mutu. M'kalata mwanu simunandipatse chizindikiro ngakhale chimodzi, mwangomuumba nokha chifukwa cha nkhawa. Za umbulinso ayi. Munthu amene ankakukhazikani pambali pake n'kumakumasulirani Chingerezi sankaona mbuli. Mawu a kukhitchini aja anali olakwika ndipo anakupwetekani, koma ananenedwa ndi munthu amene anali atangochita manyazi pamaso pa mabwana ake.

Kufuna kudziwa si mlandu, ndipo kulibe msinkhu. Yankho la funso lanu ndikulidziwa, koma sindikuuzani, chifukwa m'nyumba mwanu muli mphunzitsi wa zimenezo. Chitani izi. Loweruka lina kuli dzuwa, iwo ali pakhomo, pezani zitini zanu ziwiri zofanana. China muchidetse kunja kwake ndi utsi wa kandulo, mutachigwira ndi kansalu kuti musapse. Thirani madzi ofanana, vindikirani, ikani pakhonde pamene akakhala amaona. Musanapisemo chala, yambani mwalosera nokha. Kumbukirani mmene mumamvera mukayenda padzuwa mutavala zakuda ndi mmene mumamvera mutavala zoyera. Pakapita kanthawi pisani chala muno, pisani umo. Kenako muwaitane, osati kuti aone kuti mwalapa, koma kuti akuuzeni chifukwa chake.

Akakhala pansi, auzeni zimene mwandiuza inezi. N'kutheka kuti iwo akuganiza kuti munkakhala patebulo paja pongowasangalatsa. Sakudziwa kuti mumachapa mukuganiza za dzira ndi mchere. Nenani mosazungulira kuti, "Maphunziro aja ndawasowa, ndipo mawu a kukhitchini aja anandiwawa." Mukatero mugwirizane malamulo. Chili m'katoni sichitsukidwa, sichitayidwa, sichikonzedwa, ngakhale chioneke ngati chotola kudzala. Chimene mwachipeza kunja kwa katoni, funsani kaye. Ndipo jumbo isanatuluke pakhomo, muziitsegula muli awiri.

Funsaninso ngati kufupi ndi kwanuko kuli sukulu ya akuluakulu. Mutu wofunsa chonchi suyenera kudalira tebulo limodzi lokha, ndipo tsiku lina mapepalawo mungamadziwerengere nokha.

Chenjezo langa ndi ili. Zoyesa panokha zilekezere pa madzi, zitini ndi dzuwa. Za mawaya, za magetsi ndi timabotolo ta kusukulu musazikhudze iwo kulibe. Ndipo ngati Loweruka loyambalo angodutsa osacheuka, musakwiye, musalire, musayambenso kupepesa. Siyani zitinizo pomwepo, mawa lake mufunsenso. Mwamuna wopepesedwa angathe kuyankha kuti zinatha n'kutuluka, koma mphunzitsi wofunsidwa funso la phunziro lake sapirira nthawi yaitali.

Aphungu