Tadala Wasankha Nyenyezi

Amayi, kodi kumeneko mukupeza bwanji?

Ife kuno ku Romford, ku Mangalande, tilipo, kuzizira kokhaku. Chiikireni maliro anu sindinakulembereni, mundikhululukire. Mng'ono wanga Esinati wabereka mwana wamkazi ndipo amutcha dzina lanu. M'munda mwanu achimwene sanakololemo zambiri, mvula inadula msanga. Ine bondo lija limandivutabe ndikaima tsiku lonse kuwodi ya odwala.

Koma nkhani yaikulu ndi ya mdzukulu wanu Tadala, mtsikana wangayu. Kusukulu anawauza kuti afufuze za akatswiri akale a nyenyezi, iye n'kusankha Asilamu a ku Baghdad ndi ku Samarkand. Ndisaname, poyamba sindinakondwe. Ndinkaopa pakamwa pa anzanga akutchalitchi.

Loweruka lina Tadala anandikokera kunyumba yosungira zinthu zakale ku Greenwich, n'kundionetsa chipangizo chamkuwa chonga mbale, chodzaza mizere. Akatswiriwo ankachilozetsa kudzuwa kapena kunyenyezi n'kudziwa nthawi yopemphera ndi mbali imene kuli Maka. Anayeza kutalika kwa chaka, anakonza zolakwika m'mabuku a Agiriki, ndipo nyenyezi zambiri mpaka lero azungu amazitchula ndi mayina a Chiarabu. Mwanayo anafotokoza zonsezi osayang'ana papepala, anthu odutsa mpaka kuima kuti amve nawo. Manyazi anandigwira. Paja inu munkati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa.

Tsopano akufuna kudzaphunzira za nyenyezi kuyunivesite. Bambo ake akukana kwamtuwagalu, akufuna achite unamwino ngati ine poti ntchito yake sisowa. Sabata ziwiri zatha tikungopatsana moni m'nyumba muno.

Amayi, inu anakusiyitsani sukulu sitandade 3 chifukwa choti ndinu mtsikana. Komabe ndinu amene munkaona nyenyezi za nsangwe zikutuluka n'kuuza mudzi wonse kuti mbewu zikhale pafupi, mvula yayandikira. Ndani adziwa kumene mukanafika?

Fomu yosankhira maphunziro ikufunika Lachisanu. Tadala walembapo masamu ndi fizikisi, ndipo ine ndasayina kale. Mawa tikaweruka ndikhala nawo pansi bambo akewo. Sindikalipa ayi, munandiphunzitsa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma sindibwerera m'mbuyo.

Ndimakukondani, Amayi. Ndikulonjeza kuti malinga ndili moyo, mwana ameneyu palibe amene adzamutulutse m'kalasi.

Ndine mwana wanu,
Mphatso